Mafunso ndi Mayankho: Magombe a Nyanja Yamchere ndi Mbalame Zapaulendo

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa aphunzitsi, ana asukulu, asodzi ndi anthu amene angoyamba kumene kuwerenga mbalame zam'madzi. Mayina a mbalame zambiri tawasiya m'Chingerezi chifukwa ndi mmene mukawapezere m'mabuku ozindikirira mbalame ndi pamafomu owerengera.

Kodi mbalame zapaulendo ndi ziti?

Ndi mbalame zimene zimaswera dziko lina n'kukathera miyezi yachisanu ya kwawoko kudziko lina, chaka ndi chaka, pa nthawi imodzimodzi. Anamzeze ambiri amene amandandalika pamawaya a magetsi m'dzinja ndi otere: mazira amakaikira ku Ulaya ndi ku Asia.

Pano tikunena makamaka za gulu lina, la mbalame zamiyendo yaitali ndi milomo yosongoka zimene zimadya m'matope ndi m'madzi osaya, monga little stint, curlew sandpiper, sanderling, grey plover, whimbrel, red knot ndi bar-tailed godwit. Zambiri mwa izi zimaswera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Siberia, Alaska, Canada ndi Greenland. Kumeneko mu Juni ndi Julayi dzuwa sililowa, tizilombo timachuluka, anapiye amakula msanga. Pofika Seputembala nthaka yayamba kuuma ndi chisanu ndipo chakudya chatha. Yotsala imafa.

Malo opumira panjira ndi chiyani?

Ndi chigono cha mbalame. Kale munthu wopita kutali wapansi ankadziwa midzi imene adzagone ndi kumene adzawonjezere kamba. Mbalame nayo sinyamula chakudya cha ulendo wonse, choncho imaima pamalo odziwika, kudya, n'kupitirira.

Zigonozi zili mitundu iwiri. Pali pamene mbalame imatera tsiku limodzi kapena awiri, kumwa madzi, kudikira mphepo itembenuke. Malo otere ndi ambiri, ndipo amodzi akasowa ena amapezeka. Ndiye pali pamene imakhala masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi ikudya usana ndi usiku kuti ipeze mphamvu zowolokera nyanja kapena chipululu. Malo a mtundu wachiwiriwu ndi owerengeka pa dziko lonse, ndipo ambiri ali pagombe la nyanja yamchere.

Pagombe pali chiyani chimene kumtunda kulibe?

Pali kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja. Nyanja yamchere imakwera n'kutsika kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Kuchoka pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamapita maola 12 ndi mphindi 25, kotero nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Pamene gombe lili lathyathyathya, madzi akaphwa amasiya bwalo lamatope lotalika makilomita angapo. Ku Beira kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumaposa mamita 6 pa masiku amene mwezi uli wathunthu kapena uli mumdima.

Matope amenewa ndi nkhokwe. Mitsinje imabweretsa dothi ndi zowola kuchokera kumtunda, nyanja imazisakaniza ndi kuzithirira kawiri pa tsiku, ndipo m'katimo mumaswana nyongolotsi zam'nyanja, tinkhono tazigoba ziwiri, tinkhanu ndi tizilombo tina ting'onoting'ono. Pamalo abwino, mukadula matope a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi n'kuwasefa, mumapeza tamoyo masauzande. Munthu wodutsa amangoona thope lonunkha, n'chifukwa chake malo otere amafulumira kutchedwa opanda ntchito.

Mchere suvuta mbalamezi. Pamwamba pa maso zili ndi tiziwalo timene timasefa mchere m'magazi n'kuutulutsira m'mphuno.

Zonse zimadya chakudya chimodzi?

Ayi, ndipo n'chifukwa chake mitundu khumi kapena kuposa imakwana pabwalo limodzi osalandana. Mlomo ndi umene umagawa. Grey plover ili ndi mlomo waufupi ndi maso akulu: imaima duu, kuthamanga pang'ono, kutola nyongolotsi imene yatulutsa mutu, n'kuimanso. Whimbrel ili ndi mlomo wautali wokhotera pansi woloŵetsa m'mauna a nkhanu. Sanderling imathamangitsana ndi funde pamchenga. Ruddy turnstone imagubuduza timiyala ndi ndere kufuna zobisala pansi.

Red knot ndiyo yodabwitsa. Kunsonga kwa mlomo wake kuli timitsempha timene timamva kusintha kwa mphamvu ya madzi m'matope onyowa, kotero imazindikira kankhono kobisika isanakakhudze. Ikakapeza imakameza ndi chigoba chomwe, n'kukaphwanya m'nthutumba. Izi zikutanthauza kuti kankhonoko kayenera kukhala kochepa moti n'kumezeka, kosakwiririka kupitirira pamene mlomo wa masentimita atatu ndi theka ungafike, komanso kamnofu wokwanira poyerekeza ndi chigoba. Chimodzi mwa zitatuzi chikalakwika, matope angakhale odzaza ndi nkhono koma mbalame n'kumagona ndi njala.

Zimakhala masiku angati pachigono, ndipo zimanenepa motani?

Chitsanzo chimene chayezedwa bwino kwambiri ndi cha Delaware Bay, kugombe lakum'mawa kwa United States. Red knot zina zimachokera ku Tierra del Fuego, kunsonga kwa South America, kupita kukaswera kumpoto kwa Canada, ulendo wa makilomita pafupifupi 15,000. Zimafika pa Delaware Bay chapakati pa Meyi zitaonda, zambiri zikulemera magalamu 110 mpaka 130. Zili ndi masabata awiri okha kuti zifike magalamu 180 kapena kuposa. Zikachedwa, nyengo yoswera ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, izipitirira. Zikanyamuka zisanakwanitse, zina zimafera panjira, zina zimafika koma osaikira mazira, pakuti masiku oyamba kumpotoko nthaka imakhala idakali ndi chipale ndipo mbalame imadalira mafuta amene yabwera nawo.

Kamba wa mbalame ndi mafuta, chifukwa galamu imodzi ya mafuta imapereka mphamvu zochuluka kangapo kuposa galamu ya mnofu, ndipo mafuta sasunga madzi olemetsa. Bar-tailed godwit zazing'ono zimene zinayezedwa zitangonyamuka ku Alaska zinapezeka kuti theka la kulemera kwake, ngakhale kuposa pang'ono, linali mafuta okhaokha.

Thupi limasinthanso m'kati. Mbalame ikangofika, masiku oyamba sinenepa kwenikweni, chifukwa imayamba yakonzanso matumbo, chiwindi ndi nthutumba zimene zinafota paulendo. Zikakula ndi pamene imayamba kudya mwadyera n'kumawonjezera magalamu angapo tsiku lililonse. Masiku otsiriza isananyamuke zimatembenuka: ziwalo zogayira chakudya zimachepanso, minofu ya pachifuwa ndi mtima zimakula. Nthutumba yaikulu m'mwamba ndi katundu chabe. Apa ndi pamene pali chifukwa chimene mbalame singathe kumangodya pang'onopang'ono paliponse pamene yatera. Kutsegula ndi kutseka "khitchini" yam'mimbayi kumadya masiku, choncho zimafunika malo amodzi a chakudya chambiri.

Ndinamva kuti ina imauluka masiku 11 osatera. Ndiye chigono n'chachiyani?

N'zoona. Mu 2007 bar-tailed godwit yaikazi imene akatswiri anaitcha E7 inauluka kuchoka ku Alaska kufika ku New Zealand, makilomita oposa 11,000, masiku asanu ndi atatu osatera. Mu 2022 ina ya miyezi isanu yokha inauluka makilomita 13,560 kufika ku Tasmania m'masiku 11. Mbalameyi sitera pamadzi akuya ngati bakha, choncho ikayamba kuwoloka Pacific palibe popumira.

Koma ulendo woterewu umatheka chifukwa cha masabata amene yathera m'matope a kumathiriro a mitsinje ya Yukon ndi Kuskokwim isananyamuke. Pobwerera sidzera njira yomweyo: imauluka makilomita pafupifupi 10,000 kufika ku Yellow Sea, pakati pa China ndi Korea, kudya kumeneko masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, kenako n'kumalizitsa wa ku Alaska. Mbalame ikamadumpha mtunda wautali, m'pamene imadalira kwambiri malo ochepa amene imaterawo.

Madzi akadzaza n'kuphimba matope, zimapita kuti?

Funso ili ndi limene okonza mapulani a chitukuko amaliiwala kawirikawiri. Madzi akamakwera, mbalame zimakankhidwira kumtunda mpaka matope onse atamira, ndipo kwa maola awiri mpaka anayi zimasonkhana pamalo ouma kudikira: pachilumba chamchenga, pansonga ya gombe, m'maiwe ophikira mchere, nthawi zina panthambi za mangrove, mitengo yomera m'madzi amchere a pagombe.

Malo odikirirawa ayenera kukhala poyera, opanda udzu wautali kapena tchire lobisalamo mphaka, galu kapena kabawi. Ayenera kukhala pafupi ndi podyera, chifukwa kuuluka makilomita ambiri kanayi pa tsiku kumadya mafuta amene mbalame ikusonkhanitsa. Kumayiko otentha ayeneranso kukhala ndi mchenga wonyowa, kuti miyendo izizizira. Ndipo pafunika angapo: malo amene amakwana pa masiku wamba amamira pa masiku a mwezi wathunthu. Pamene palibe potera, mbalame zaonedwa zikungozungulira m'mwamba pa nyanja mpaka madzi ataphwa. Matope a chakudya chambiri opanda podikirira ndi theka la chigono.

Zigono zazikulu zili kuti?

Njira za mbalamezi zimatsata magombe, ndipo iliyonse ili ndi malo ake amene gulu lonse limadutsapo.

Kumadzulo kwa Ulaya ndi Africa, mtima wa njira ndi Wadden Sea, matope otalika makilomita pafupifupi 500 m'gombe la Netherlands, Germany ndi Denmark. Pamenepa pamadutsa mbalame 10 mpaka 12 miliyoni pa chaka, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2009. Kuchoka apo zambiri zimakatera pa Banc d'Arguin ku Mauritania, pamene chipululu cha Sahara chimakumana ndi nyanja, ndi pa zilumba za Bijagós ku Guinea-Bissau. Zina zimafika mpaka Walvis Bay ku Namibia ndi Langebaan ku South Africa.

Kum'mawa kwa Asia ndi Yellow Sea, ku America ndi Delaware Bay ndi ena angapo. Njira imene imatikhudza ife imachokera ku Siberia, kudzera ku Caspian Sea, Persian Gulf ndi gombe la Oman, kumene Barr Al Hikman ndi chigono cha mbalame mazana a masauzande, kenako kutsika ndi gombe la Somalia, Kenya, Tanzania ndi Mozambique. Nthambi ina imadzera kumtunda, m'nyanja za m'chigwa chachikulu cha Rift Valley.

Nanga ku Mozambique?

Gombe la Mozambique ndi lotalika makilomita oposa 2,400, ndipo pakati pake, kuyambira cha ku Quelimane mpaka kum'mwera kwa Beira, ndi lathyathyathya, lamatope ndi mangrove. Malo odziwika ndi kumathiriro kwa Zambezi, kumene dera la Marromeu linalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 2004, zilumba za Bazaruto ndi nsonga ya San Sebastian pafupi ndi Vilankulo, doko la Inhambane, ndi chilumba cha Inhaca ku Maputo Bay.

Kwa mbalame zina malowa ndi chigono popita ku South Africa, kwa zina ndi mathero a ulendo, kumene zimakhala kuyambira Seputembala mpaka Malichi kapena Epulo, kusintha nthenga ndi kunenepera ulendo wobwerera. Mumapezeka whimbrel, grey plover, greater sand plover, Terek sandpiper ya mlomo wokhotera m'mwamba, ndi crab plover, mbalame yoyera ndi yakuda ya mlomo wochindikala wophwanyira nkhanu. Crab plover sichokera ku Arctic ngati zinzake. Imaswera pa zilumba za ku Persian Gulf ndi Red Sea, m'mauna amene imakumba mumchenga, ndipo imaikira dzira limodzi loyera.

Malawi ndi Zambia alibe nyanja yamchere. Nkhaniyi ikutikhudza pati?

Choyamba, mbalame zina za gulu lomweli zimakonda madzi opanda mchere, ndipo zimafika kwathu kuno chaka chilichonse: wood sandpiper, common sandpiper, common greenshank, ruff ndi little stint, kambalame kolemera ngati masipuni awiri akuluakulu a shuga kamene kamachokera ku Arctic. Mungazione ku Nyanja ya Chilwa, ku Chiuta, ku Elephant Marsh, m'minda ya mpunga yothirira, ngakhale m'mphepete mwa madamu. Ku Zambia zimapezeka ku Kafue Flats ndi Bangweulu. Zina mwa izo zinadyapo pagombe lina panjira.

Nyanja ya Malawi, ngakhale ndi yaikulu, siisunga zambiri, chifukwa gombe lake ndi lamchenga ndi miyala ndipo madzi sakwera n'kutsika tsiku ndi tsiku. Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imachita pa chaka zimene nyanja yamchere imachita pa tsiku: m'chilimwe madzi amabwerera m'mbuyo n'kusiya matope, ndendende miyezi imene mbalame zikufika, ndipo mvula ikagwa matopewo amamira. Koma chigono chotere n'chosadalirika. Chilwa inauma mu 1968, mu 1995 ndiponso mbali yaikulu mu 2018. Nyanja yamchere siuma.

Chachiwiri ndi madzi. Shire amathira mu Zambezi, ndipo zimene zimachitika kumtunda zimakathera kugombe. Madamu a Kariba ndi Cahora Bassa anasintha kasefukiridwe ka Zambezi ndipo amatsekereza dothi limene likanakafika kumathiriro kukamanga matope atsopano.

Malo amodzi akawonongeka, sizingangosamukira ena?

Yankho linapezeka ku Saemangeum, ku South Korea. Pamenepa mitsinje ya Mangyeong ndi Dongjin inkathira m'nyanja pabwalo lalikulu lamatope. Boma linamanga khoma la makilomita 33 kutseka dera lokwana masikweya kilomita pafupifupi 400 kuti likhale minda ndi mafakitale, ndipo khomalo linatsekedwa mu Epulo 2006. Madzi atasiya kulowa, nkhono zinatuluka pamwamba n'kufa. Chaka chimenecho panawerengedwa mbalame za mtundu wa great knot zoposa 80,000. Patangopita zaka zochepa zinkapezeka zochepa kwambiri. Owerenga anafufuza m'magombe oyandikana nawo koma sanapeze kuti zawonjezekera mofanana ndi zimene zinasowa, ndipo kumpoto chakumadzulo kwa Australia, kumene mbalamezi zimakathera ulendo, chiwerengero chinatsika. Sizinasamuke. Zinafa.

Zifukwa zake n'zitatu. Malo ena abwino amakhala ali kale ndi eni ake, ndipo chakudya chili ndi malire. Mbalame zazikulu zimabwerera malo omwewo chaka ndi chaka, nthawi zina pachigawo chomwecho cha gombe, ndipo sizifulumira kusintha. Komanso mbalame ilibe nthawi yofufuza: onani masiku ake pa funso la kunenepa.

Zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga zinaonetsa kuti Yellow Sea inataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu a matope ake kuchokera m'zaka za m'ma 1950, ndipo mitundu imene imadalira kwambiri nyanjayi ndi imene inatsika msanga, ina ndi 8 peresenti pa chaka. Mu 2018 China inaletsa kukwirira gombe pofuna malonda, ndipo mu 2019 matope a ku Yancheng analowa m'kaundula wa UNESCO.

Matope angakhalepo koma chakudya n'kutha?

Inde. Pa Delaware Bay chakudya cha red knot si nkhono koma mazira a horseshoe crab, chamoyo chachigoba chonga chisoti chimene chimatuluka m'madzi mu Meyi kudzaikira mumchenga. Mazirawo amakwiriridwa mozama kuposa pamene mlomo wa mbalame ungafike. Mbalame zimadya okhawo amene afukulidwa ndi mafunde kapena ndi zazikazi zina pokumba pamalo omwewo. Ndiye kuti zamoyozi zikachepa, mazira apamwamba amasowa ngakhale ena ali pansi. M'zaka za m'ma 1990 asodzi anazigwira zochuluka kuti zikhale nyambo, ndipo red knot zowerengedwa ku Tierra del Fuego zinatsika kuchoka pa 51,000 mu 2000 kufika pa 27,000 mu 2002. Dera la New Jersey linaletsa kuzigwira mu 2008, koma chamoyochi chimatenga zaka pafupifupi khumi kuti chiyambe kuswana, choncho kubwerera kwake n'kwapang'onopang'ono.

Ku Wadden Sea vuto linali zombo zokolola nkhono ndi makina opopa pansi pa nyanja. Zinkasiya matope atasanduka mchenga wokhakhala, ndipo tinkhono tomera pambuyo pake tinkakhala tazigoba zambiri, mnofu pang'ono. Netherlands inaletsa kakololedwe kameneka kuyambira 2005.

Kubzala mitengo ya mangrove kumathandiza mbalamezi?

Zimatengera pobzala. Mangrove amateteza gombe ku namondwe, nsomba zimaswera m'mizu yake, ndipo masamba ake owola amadyetsa tamoyo ta m'matope. Pamene anadulidwa, monga m'madera ambiri ozungulira Beira ndi Quelimane kumene amasanduka makala ndi milimo, kubwezeretsa n'koyenera.

Cholakwika chofala n'kubzala pabwalo lamatope loyera pamene sipanakhalepo mtengo, chifukwa ndi posavuta kufika ndiponso palibe mwini wodandaula. Mbande zambiri pamenepo zimafa, pakuti zimamira nthawi yaitali kuposa mmene zingapirire. Zikapulumuka, zalanda podyera mbalame, popeza zambiri sizidya pansi pa mitengo pamene sizingaone mdani akubwera. Musanabzale, funsani akuluakulu a m'deralo pamene nkhalango inkalekezera, yang'anani zitsa zakale, ndipo yambani ndi kutsegula ngalande kuti madzi azilowa ndi kutuluka. Nthawi zambiri mbewu zimabwera zokha ndi madzi.

Ku China udzu wa Spartina, umene unabwera kuchokera ku America mu 1979 kuti uteteze gombe, unafalikira n'kuphimba matope ambiri, ndipo lero boma likuwononga ndalama zambiri kuuzula.

Kusintha kwa nyengo kukuchita chiyani?

Nyanja ikamakwera, matope amayenera kusendera kumtunda. Pamene pali khoma, msewu kapena mzinda, alibe kolowera, amangopanikizika mpaka kutha.

China chinaonekera pa Banc d'Arguin. Ku Taimyr, kumpoto kwa Siberia, chipale chikusungunuka msanga kuposa kale, tizilombo timachuluka anapiye asanaswedwe, ndipo red knot zobadwa zaka zoterezo zimakula zazing'ono, za milomo yaifupi. Zikafika ku Mauritania sizifikira nkhono zokwiririka mozama, zimayamba kudya mizu ya udzu wam'nyanja umene ulibe chakudya chokwanira, ndipo zambiri sizimaliza chaka. Vuto lobadwira ku Arctic limadzaphera ku Africa.

Kuziulutsa pang'ono poyenda pagombe kuli ndi vuto lanji?

Kuuluka kumadya mphamvu pafupifupi kakhumi kuposa kuima. Kamodzi si kanthu. Koma pagombe la anthu ambiri gulu limodzi lingaulutsidwe kambirimbiri pa kudzaza kumodzi kwa madzi, ndi agalu, magalimoto oyenda pamchenga, maboti, ndi ojambula ofuna chithunzi cha mbalame zili m'mwamba. Galu womasuka amaziopsa kuposa munthu.

Mbalame zikuluzikulu monga whimbrel zimauluka munthu adakali patali, mamita 100 kapena kuposa, ndipo zikadzuka zimadzutsa gulu lonse. Pamalo odikirira siyani mamita 200. Chizindikiro chakuti mwayandikira kwambiri n'chakuti zimene zinagona zitabisa mlomo kumsana zadzutsa mitu n'kuyamba kuyenda. Bwererani pomwepo. Otola nkhono ndi nkhanu pamanja madzi ataphwa savuta kwambiri, chifukwa amayenda pang'onopang'ono ndipo bwalo limakhala lalikulu.

Kusaka kuli ndi gawo lanji?

Mbalamezi zimakhala zaka zambiri koma zimaswa pang'ono: mazira anayi, kamodzi pa chaka, ndipo zaka zina ankhandwe a ku Arctic amadya pafupifupi onse. Red knot ina yotchedwa B95, imene inavekedwa mphete ku Tierra del Fuego mu 1995, inaonedwabe mpaka 2014. Mtundu wotere ukataya zazikulu sutha kubwezera msanga ngati mpheta.

Spoon-billed sandpiper, ya mlomo wonga sipuni, yatsala yosakwana 1,000. Zambiri zinkakodwa m'maukonde otchera mbalame zina ku Myanmar ndi Bangladesh, ndipo zinthu zinasintha pamene alenje anathandizidwa kupeza ntchito zina monga usodzi. Slender-billed curlew inaonedwa motsimikizika komaliza ku Merja Zerga, ku Morocco, mu 1995, ndipo mu 2024 akatswiri analengeza kuti inatheratu. Ku Chilwa, kumene mbalame zam'madzi ndi ndiwo komanso malonda, makamaka nsomba zikasowa, kuli magulu a alenje amene amagwirizana za nyengo yotseka ndi malo osasakako.

Mbalame zochuluka chonchi amaziwerenga bwanji?

Pagombe amawerenga madzi akudzaza, pamene mbalame zasonkhana pamalo odikirira. Madzi ataphwa zimabalalika patali moti simungazione zonse.

Sankhani tsiku la kudzaza kwakukulu kumene kukuchitika masana, ndipo malo odikirira muwadziwiretu dzulo lake. Fikani maola awiri madzi asanafike pachimake, khalani pansi dzuwa lili kumbuyo kwanu, mbalame zibwere zokha. Magalasi oonera patali a 8x42 kapena 10x42 amakwana pa gulu lapafupi, koma lakutali limafuna telesikopu yokuza ka 20 mpaka 60. Yambani ndi chiwerengero cha gulu lonse mwachangu, kuti kabawi akaliulutsa mukhale ndi kanthu. Kenako werengani mtundu uliwonse. Pa gulu lalikulu werengani khumi imodziimodzi, onani kukula kwa kagulu kameneko, n'kumayeza nako: makumi, kenako mazana. Mmodzi aziyang'ana, wina azilemba.

Zolakwika zofala ndi ziwiri. Gulu lalikulu lothithikana pafupifupi aliyense amalichepetsa, chifukwa zazing'ono zimabisika kuseri kwa zazikulu. Ndipo ngati magulu a owerenga sanayambe nthawi imodzi, mbalame zosamuka zimawerengedwa kawiri, choncho lembani nthawi ndi kumene gulu lililonse louluka lalowera. Imene simukuizindikira ilembeni kuti yosadziwika, osaiganizira dzina. Kalembera wa dziko lonse, amene anayamba mu 1967 ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Wetlands International, amachitika pakati pa Januwale, ndipo mayiko ambiri a mu Africa amawerenganso mu Julayi.

Ndapeza mbalame ili ndi mphete pamwendo. Nditani?

Ngati ndi yakufa, lembani zonse zimene zadindidwa pamphete yachitsulo, manambala ndi adiresi, pamodzi ndi tsiku, malo enieni ndi chimene chaipha. Jambulani mpheteyo mbali zonse. Ngati ndi yamoyo ndipo ili ndi mphete zamitundu kapena kambendera kapulasitiki, lembani mwendo wamanzere padera ndi wamanja padera, kuyambira pamwamba kutsika, ndi kunena ngati chili pamwamba kapena pansi pa mfundo ya mwendo. Kumanzere n'kwa mbalameyo, osati kwanu. Matope ndi dzuwa zimasintha mitundu, choncho yoyera ingaoneke yachikasu. Kum'mwera kwa Africa malipoti amapita ku SAFRING, bungwe loyang'anira zoveka mbalame mphete, ku University of Cape Town.

Mukapeza mbalame zambiri zitafa pamodzi, musazigwire ndi manja, musazidye, musapatse agalu. Dziwitsani alangizi a ziweto, chifukwa chingakhale chimfine cha mbalame.

Malo amayenera kukhala ndi mbalame zingati kuti atchedwe ofunika pa dziko lonse?

Pangano la Ramsar, limene linasainidwa ku Iran mu 1971, lili ndi miyeso iwiri ya mbalame zam'madzi: malowo azikhala ndi mbalame 20,000 kapena kuposa kawirikawiri, kapena azisunga 1 peresenti ya gulu lonse la mtundu umodzi. Pa chigono muyeso umavuta pang'ono, chifukwa mbalame zimafika zina zikunyamuka: mungawerenge 5,000 tsiku lililonse pamene zodutsa m'nyengo yonse ndi zochuluka kangapo. Mphete zamitundu ndi zimene zimathandiza kudziwa masiku amene imodzi imakhala.

Nyanja ya Chilwa ndi malo oyamba a Ramsar m'Malawi, ndipo Elephant Marsh inawonjezedwa mu 2017. Kulowa m'kaundula sikuletsa anthu kusodza kapena kulima, ndipo pakokha sikuimitsa khoma kapena doko. Chimene chimateteza malo ndi malamulo a dzikolo ndi mgwirizano wa anthu okhala pamenepo.

Bwanji zina zimaonekabe mu Juni ndi Julayi, pamene zinzake zili ku Arctic?

Zambiri mwa izo ndi zobadwa chaka chathachi. Curlew sandpiper, whimbrel ndi grey plover zazing'ono nthawi zambiri sizibwerera kumpoto chaka choyamba, zina mpaka chachiwiri. Zimatsala pagombe la Africa zili ndi nthenga zotuwa, pamene zazikulu zinanyamuka mu Malichi ndi Epulo zitavala nthenga zoswera, curlew sandpiper itafiira pachifuwa ngati njerwa yootcha.

Owerenga a ku Langebaan anaona kuti chiwerengero cha zotsalazi chimakwera n'kutsika pafupifupi zaka zitatu zilizonse. Chifukwa chake chili ku Siberia: chaka chimene timbewa totchedwa lemming tachuluka, ankhandwe amadya timeneto n'kusiya mazira, ndipo anapiye ambiri amakula. Chaka chotsatira timbewato tikasowa, ankhandwe amatembenukira kuzisa. N'chifukwa chake kalembera wa mu Julayi, ngakhale amapeza mbalame zochepa, sayenera kudumphidwa: ndi amene amaonetsa mmene kuswana kunayendera chaka chapitacho.